Safunsa Adadya Phula: Luso Lofunsa Anthu Tisanawapangire Chinthu

Chilichonse chimene timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku chidaganiziridwa ndi munthu wina. Pali amene adasankha kutalika kwa desiki ya m'kalasi, pali amene adayeza pamene chogwirira cha mjigo chizifika, ndipo pali amene adasanja mawu amene amatuluka pafoni mukadina *211# kapena *444# pofuna kutumiza ndalama. Wopanga chinthu akayamba wawamvetsa anthu amene akuwapangira, chinthucho chimagwira ntchito popanda wodandaula. Koma akachipanga mongoganizira ali muofesi, zotsatira zake tonse timazidziwa: chimbudzi chatsopano chimene ana akuopa kulowamo, fomu imene agogo sangathe kuilemba, mbaula yolandira ulere imene lero nkhuku zikuikiramo mazira.

Phunziro la m'kope lino likukamba za luso locheza ndi anthu mwakuya kuti tidziwe mmene amakhalira ndi chinthu, tisanachipange kapena kuchisintha. Ophunzira, lusoli likuthandizani pa ntchito za kusukulu ndiponso m'tsogolo. Makolo ndi a komiti ya mzikiti, phunziroli ndi lanunso, pakuti ndinu amene mumasunga ndalama zosonkha anthu ndi kugamula zoti zimangidwe.

Nkhani ya mijigo iwiri

Mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yambiri ya kuno, udabadwira m'Malawi mommuno. Ntchito youkonza idayamba m'chaka cha 1981, ndipo mtundu wake woyamba, wotchedwa Maldev, udayamba kupangidwa mu 1982. Chigwa cha Livulezi, m'boma lathu lino la Ntcheu, ndi amodzi mwa malo amene mijigoyi idayesedwako. Vuto limene okonzawo adaliona linali lakuti mijigo yakale ikawonongeka, pamafunika amisiri a boma ndi galimoto ndi zida zolemera kuti azule mapaipi onse. Mudzi unkadikira nthawi yaitali, anthu n'kubwerera kumtsinje. Choncho iwo adafuna mjigo woti eni mudzi azitha kukonza okha. Mabering'i achitsulo atayamba kuvuta m'midzi, adawasintha n'kuika apulasitiki. Ntchitoyi idapitirira ku Kenya, ndipo mapeto ake ndi mjigo umene komiti ya pamudzi imatsegula ndi sipanala imodzi, kusolola ndodo ndi manja, kusintha malabala n'kubwezeretsa tsiku lomwelo.

Mjigo wachiwiri ndi PlayPump, wochokera ku South Africa. Uwu ndi katungwe wozungulira: ana akamasewerapo, madzi amapopeka kukwera m'thanki ya malita 2,500 imene ili pamwamba. Nzeruyi idasangalatsa anthu ambiri akunja. M'chaka cha 2006 boma la America pamodzi ndi mabungwe ena adalonjeza madola 16.4 miliyoni, ndipo cholinga chinali kuika mijigo 4,000 yothandiza anthu 10 miliyoni pofika 2010. Ina idaikidwa ku Mozambique, ku Zambia ndi kuno ku Malawi. Koma ofufuza atapita m'midzi adapeza zina. Ana samasewera tsiku lonse, ndipo nthawi imene madzi amafunika kwambiri, m'mamawa ndi madzulo, si nthawi imene ana amakhala pa katungwe. Amayi, ena okalamba, ndiwo ankakankha chozunguliracho ndi manja. M'malo ena mjigo wabwinobwino udazulidwa eni mudzi asadafunsidwe, ndipo watsopanowo ukawonongeka anthu sankatha kuukonza okha. Mu 2009 nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain idawerengera kuti ana akadayenera kusewera maola 27 pa tsiku kuti lonjezolo likwanire.

Amene adapanga mijigo iwiriyi onse adali ndi mtima wothandiza. Kusiyana kwawo kuli pakuti oyambawo adakhala pafupi ndi otunga madzi n'kumasintha chinthucho malinga ndi zimene ankaona. Funso limodzi lokha likadaulula vuto la mjigo wachiwiri uja: "Amayi, dzulo madzi mudatunga nthawi yanji, ndipo nthawi imeneyo ana adali kuti?"

Kuwerenga anthu ndi kumvetsa anthu

Akatswiri opanga zinthu ali ndi mawu akuti user experience, mwachidule UX. Akutanthauza zonse zimene munthu amakumana nazo pogwiritsa ntchito chinthu: kuphweka kapena kuvuta kwake, nthawi imene chimamudyera, manyazi kapena chimwemwe chimene chimamupatsa. Amene adatchukitsa mawuwa ndi Don Norman pamene ankagwira ntchito ku kampani ya Apple kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Kafukufuku ali pawiri. Woyamba ndi wowerenga. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu oposa 17.5 miliyoni. Kafukufuku wotere amafunsa anthu ambiri mafunso ofanana, ndipo amayankha funso lakuti "angati?" Wachiwiri ndi womvetsa. Uyu amacheza ndi anthu ochepa kwa nthawi yaitali, ndipo amayankha mafunso akuti "chifukwa chiyani?" ndi "zimachitika bwanji?" Rejisitala ya m'kalasi ingatiuze kuti ophunzira khumi amachedwa Lolemba lililonse. Chimene chimawachedwetsa sitingachipeze murejisitala. Tiyenera kukhala nawo pansi.

Taonani zimene kumvetsa anthu kudachita ku Kenya. M-Pesa idayesedwa koyamba m'chaka cha 2005 ngati njira yoti makasitomala a bungwe lobwereketsa ndalama la Faulu azibwezera ngongole pafoni. Oyendetsa ntchitoyo atalondola zimene anthu ankachita, adapeza kuti ena ankalipirira anzawo, ena ankagulitsana katundu kudzera momwemo, ena ankasungamo ndalama akakhala paulendo kuopa akuba. Anthu adawonetsa okha chimene ankachifuna. Pamene Safaricom idakhazikitsa M-Pesa mu Marichi 2007, uthenga wake waukulu udali wa kutumiza ndalama kumudzi, osati wa ngongole ayi.

Kwathu kuno tili ndi Chipatala cha pa Foni, chimene bungwe la VillageReach lidayambitsa ndi Unduna wa Zaumoyo ku Balaka mu 2011. Chidayamba ndi nkhani za amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, ndipo mauthenga ake adakonzedwa kuti munthu asankhe olemba kapena omvera, chifukwa si onse amawerenga. Pambuyo pake chidakula n'kumalandira mafunso a zaumoyo osiyanasiyana pa nambala ya 54747. Nakonso ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, bungwe la Baobab Health lidayamba mu 2001 kuika makompyuta ongokhudza ndi chala pagalasi, poona kuti ogwira ntchito ambiri adali asadazolowere kutayipa ndipo odwala pamzere adali ochuluka. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwini vuto ndiye amadziwa pamene pakupweteka.

Kukonzekera

Choyamba, lembani m'chiganizo chimodzi chimene mukufuna kudziwa. "Tikufuna kudziwa za mafoni" ndi cholinga chotambalala kwambiri. "Tikufuna kumvetsa zimene amayi achikulire amakumana nazo polandira ndalama pafoni" ndi cholinga chogwirika. Dziwaninso kuti cholingachi si funso lokafunsa munthu. Ndi chanu, chokutsogolerani polemba mafunso.

Chachiwiri, sankhani oti mucheze nawo. Musangotenga anzanu ndi abale anu chifukwa ndi osavuta kuwapeza. Funani anthu osiyana: wogwiritsa ntchito chinthucho tsiku lililonse, wochigwiritsa mwa apo ndi apo, ndi amene adachisiya. Ameneyu womalizayu kawirikawiri ndiye ali ndi nkhani yofunika koposa. Musaiwale okalamba, olumala, osawerenga ndi okhala kutali ndi msewu, pakuti chinthu chimene iwo angachithe, ena onse angachithenso.

Chachitatu ndi chiwerengero. Mu 2006 ofufuza atatu, Greg Guest, Arwen Bunce ndi Laura Johnson, adasanthula macheza 60 amene adachitika ndi amayi a ku Ghana ndi ku Nigeria. Adapeza kuti pafupifupi mfundo zonse zikuluzikulu zidali zitatuluka kale m'macheza 12 oyambirira. Phunziro lake ndi lakuti ngati anthu anu ndi a gulu lofanana ndipo funso lanu ndi lolunjika, simufunika anthu mazana. Yambani ndi asanu kapena asanu ndi mmodzi. Mukaona kuti watsopano aliyense akungobwereza zimene mudamva kale, mwatsala pang'ono kukwanitsa.

Chachinayi ndi nthawi ndi malo. Pitani kumene chinthucho chimagwiritsidwa ntchito: pamjigo, kukhitchini, kudimba, pa benchi ya ejenti. Munthu amakumbukira zambiri akakhala pamalo pomwepo, ndipo inu mumaona zimene sakanakuuzani. Musakumane ndi mlimi wa kachewere kapena wa kabichi pa tsiku la msika. Musaike macheza pa nthawi ya Swala kapena masana a Lachisanu, ndipo m'mwezi wa Ramadhani musamusunge munthu madzulo pamene kunyumba akukonza zofutulira. Mphindi 30 mpaka 45 n'zokwanira.

Chachisanu, pitani awiri. Mmodzi azifunsa, wina azilemba ndi kuyang'ana. Pa nkhani zokhudza amayi ndi atsikana, ofunsa akhale atsikana. Chezani poonekera, koma pamene ena sangamve zonse.

Kayambidwe ka macheza

Perekani moni mwaulemu, khalani pamene akupatsani, ndipo musathamangire mafunso. Kenaka fotokozani zinthu zinayi: ndinu yani, mukufuna kuphunzira chiyani, zimene anene zipita kuti, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana funso lililonse kapena kusiya pakati. Mungathe kunena motere:

"Amayi, ife ndife ophunzira. Tikuphunzira mmene anthu amalandirira ndalama pafoni. Sitinabwere kudzalemba maina a chithandizo, ndipo palibe yankho lolakwa, tabwera kudzaphunzira kwa inu. Dzina lanu sitilemba paliponse. Kodi mungatilole ticheze pang'ono?"

Mawu akuti simunabwere kudzalemba maina a chithandizo ndi ofunika kwambiri. M'midzi mwathu munthu wonyamula kope ndi cholembera amaoneka ngati wa bungwe. Wofunsidwayo akaganiza kuti pali chimene alandire, adzakuuzani zimene akuganiza kuti zimuika pamndandanda.

Mafunso amene amatsegula pakamwa

1. Funsani za chimene chidachitikadi. Musati, "Kodi nthawi zambiri mumatani?" Nenani kuti, "Tandiuzeni za ulendo womaliza." Munthu akamafotokoza za nthawi zambiri amakuuzani mmene zinthu zimayenera kukhalira. Akamafotokoza za dzulo amakuuzani mmene zidakhalira.

2. Pewani mafunso a "inde" kapena "ayi". Yambani ndi mawu monga "bwanji", "chiyani", "liti", "ndani", "tandifotokozereni".

3. Musaike yankho m'funso. Mukati, "Mjigowu ndi wolemera, eti?" munthu waulemu angovomera. Funsani kuti, "Mukamapopa mumamva bwanji m'thupi?"

4. Musamufunse munthu za m'tsogolo. "Titakonza chakuti, mungachigwiritse ntchito?" Pafupifupi aliyense adzati inde, chifukwa kuvomera sikumudyera kanthu ndipo safuna kukukhumudwitsani. Funsani m'malo mwake chimene amachita panopa akakumana ndi vutolo, ndi zimene adayesapo kale.

5. Funso limodzi pa nthawi imodzi. "Kodi ndi zodula komanso zovuta?" ndi mafunso awiri, ndipo simudziwa limene wayankha.

6. Kumbani pansi. Ku kampani ya magalimoto ya Toyota, Taiichi Ohno ankaphunzitsa antchito kufunsa "chifukwa chiyani" kasanu kuti afike pa gwero la vuto. Koma kwathu kuno kumufunsa wamkulu "chifukwa chiyani" mobwerezabwereza kumamveka ngati mukumuzenga mlandu. Sinthani mawu: "Chidachititsa n'chiyani?", "Kenaka zidatani?", "Tandithandizeni kumvetsa pamenepo."

7. Pemphani kuti akuwonetseni. "Mungandiwonetse mmene mumachitira?" Manja amaulula zimene pakamwa paiwala.

Chitsanzo cha macheza

Macheza awa ndi ongoyerekeza, koma awerengeni mosamala muone pamene nkhani ikutembenukira. Wofunsa ndi mtsikana wa Fomu 3, wofunsidwa ndi mayi wachikulire amene mwana wake ali ku Joni.

Wofunsa: Amayi, tandiuzeni za ulendo womaliza umene mudalandira ndalama pafoni. Zidayenda bwanji?

Mayi: Zidayenda bwino, mwanawe. Ndidangopita kwa ejenti n'kukatenga.

Wofunsa: Mutafika pamenepo mudayamba ndi chiyani?

Mayi: Ndidampatsa foni mnyamata wa pamenepoyo.

Wofunsa: Mudampatsa foni.

Mayi: Eya, amadina yekha. Ine ndikati ndidine, zolembazo zimathawa ndisanamalize kuwerenga, ndiye kuyambiranso.

Wofunsa: Zikathawa choncho mumatani?

Mayi: Nanga n'kutani? Kumbuyo kuli mzere, anthu akuthamangira kukagula zinthu. Umachita manyazi kuti ukuchedwetsa anzako.

Wofunsa: Nanga pa nambala yachinsinsi paja zimakhala bwanji?

Mayi: Ndimangomuuza, iye n'kudina.

Wofunsa: Mukamabwerera kunyumba mumtima mumamva bwanji?

Mayi: Mtima sukhala m'malo. N'chifukwa chake ndimatapa zonse nthawi imodzi, sindisiyamo kanthu.

Onani zinthu zitatu. Yankho loyamba lidali lakuti "zidayenda bwino". Wofunsa akadalekera pomwepo, akadalemba kuti mayiyu alibe vuto. Chachiwiri, pamene adangobwereza mawu akuti "mudampatsa foni" n'kukhala chete, mayiyo adapitiriza yekha. Chachitatu, wofunsa sadadzudzule za nambala yachinsinsi pakati pa macheza. Akadatero, mayiyo akadatseka pakamwa. Malangizo akuti nambalayo siyouza munthu aperekedwe pamapeto, mafunso atatha, ndipo aperekedwe mwaulemu.

Onaninso kuti vuto lenileni silidali umbuli. Lidali nthawi yochepa yowerengera pamodzi ndi manyazi a pamzere. Amene angaganize kuti vuto ndi umbuli adzaitanitsa msonkhano wophunzitsa anthu. Amene wamva nkhani yonse adzaganiza zina, monga kakhadi ka zilembo zikuluzikulu kosonyeza manambala odina motsatana, koti mayiyo aziyeserera kunyumba popanda womuthamangitsa.

Kumvetsera ndi kuona

Wofunsa wabwino amalankhula pang'ono. Munthu akasiya kulankhula, werengani chamumtima mpaka kasanu musanafunse lina. Kawirikawiri mawu ofunika amatuluka pambuyo pa kachetechete ameneyu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musamalize chiganizo cha munthu, musamukonze, ndipo musateteze chinthu chimene akuchidandaula ngakhale mudachipanga ndinu. Musayambenso kusimba nkhani yanu. Lembani mawu ake enieni, osati chidule chanu. "Zolembazo zimathawa" ndi mawu amphamvu kuposa "amavutika ndi foni".

Wolemba uja aziyang'ana njira zodzithandizira zimene anthu adapeza okha: mwala umene ana amakwerapo kuti afikire chogwirira cha mjigo, nambala yolembedwa pachikuto cha foni, chingwe chomangira chitseko chimene loko wake adafa. Chilichonse chotere chikuloza pamene wopanga chinthu adaphonya.

Misampha ya kwathu kuno

Msampha woyamba ndi ulemu. Timaleredwa kuti mlendo sitimukhumudwitsa, choncho "zili bwino" ndi yankho lokhala pafupi. Njira yodutsira pamenepa ndi kufunsa za tsiku lenileni, kapena kufunsa kuti, "Anzanu amadandaula zotani?" Munthu amamasuka kunena vuto lake akaliveka dzina la anzake.

Wachiwiri ndi woyankhira mnzake. Mwafunsa mayi, akuyankha ndi bambo. Mwafunsa mwana, akuyankha ndi mphunzitsi. Musakangane nawo. Apatseni bambowo nthawi yawo, muwamvetsere mokwanira, kenaka pemphani kuti mucheze ndi mayi pamene akugwira ntchito imene mukufunsayo.

Wachitatu ndi udindo. Wophunzira sanganene zoipa za laibulale pamaso pa woyang'anira laibulaleyo, ndipo munthu wamba sangatsutse chimene amfumu kapena a Shehe adayamikira poyera. N'chifukwa chake msonkhano waukulu sulowa m'malo mwa macheza a munthu mmodzimmodzi. Pamsonkhano amalankhula ndi olimba mtima okha.

Wachinayi uli mwa inu eni. Mukapita muli kale ndi yankho m'mutu, makutu anu adzangotola zogwirizana nalo. Musanapite, lembani zimene mukuganiza kuti mukamva. Pobwera, funani dala mawu amene akutsutsa maganizo anuwo.

Mukabwerako

Khalani pansi tsiku lomwelo, zinthu zisanaiwalike. Gawani tsamba patatu: zimene munthu adanena, zimene mudaona, ndi zimene inu mukuganiza. Musasakanize zitatuzi. "Adapereka foni kwa ejenti" ndi chimene chidachitika. "Sakhulupirira luso lake" ndi maganizo anu, ndipo mwina ndi olakwa.

Mukamaliza macheza onse, dulani timapepala, mulembe mfundo imodzi pa kapepala kamodzi. Tiyaleni patebulo kapena pamkeka, n'kumaika pamodzi tofanana. Mulu uliwonse muupatse dzina. Milu ikuluikulu ikusonyeza mavuto obwerezabwereza, koma musataye kapepala kokhala kokha. Mwina kakuimira gulu la anthu limene simunalifikire.

Samalani ponena zotsatira. Mukacheza ndi anthu asanu ndi atatu, asanu n'kutchula vuto limodzi, nenani kuti "asanu mwa asanu ndi atatu amene tidacheza nawo". Musasandutse chiwerengerochi maperesenti a anthu onse a kwa Champiti, pakuti macheza otere sawerenga anthu.

Kenaka lembani chosowa chilichonse m'chiganizo chimodzi chotchula munthu, chimene akufuna ndi chifukwa chake. Mwachitsanzo: "Mayi wowerenga pang'onopang'ono akufuna njira yotapira ndalama yekha popanda kuthamangitsidwa, chifukwa kuuza wina nambala yake kumamusowetsa mtendere." Mukafika apa ndiye muyambe kuganiza za yankho.

Yankholo liyeseni lisanadye ndalama. Lijambuleni papepala, liumbeni ndi dothi kapena lipangeni ndi katoni, mupatse anthu aliyese inu mukuyang'ana osawathandiza. Katswiri wina, Jakob Nielsen, adalemba m'chaka cha 2000 kuti kuyesa chinthu ndi anthu asanu kumaulula pafupifupi 85 peresenti ya zovuta za kagwiritsidwe kake, ndipo adalangiza kuyesa pang'onopang'ono kangapo m'malo moyesa kamodzi ndi anthu ambiri. Dziwani kuti chiwerengero chimenechi ndi cha kuyesa chinthu chimene chapangidwa, osati cha macheza oyambirira aja.

Kusunga chinsinsi

Munthu akakuuzani za ndalama zake, matenda ake kapena za m'banja mwake, wakusungitsani katundu. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, ndipo mu 2024 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, la Data Protection Act. Choncho musalembe maina, ikani manambala monga "Mayi 1" ndi "Bambo 2". Musajambule mawu kapena chithunzi popanda chilolezo, ndipo musatumize zojambulazo pa WhatsApp. Ngati wofunsidwa sanakwane zaka 18, pemphaninso chilolezo kwa makolo ake. Pamudzi anthu amadziwana, ndiye ngakhale dzina palibe, mawu akuti "mayi wamasiye wogulitsa mandasi pafupi ndi chigayo" akumuulula kale. Chotsani zizindikiro zotere. Pokhapokha mukamva kuti mwana akuchitiridwa nkhanza kapena moyo wa munthu uli pangozi, musasunge nokha, kauzeni mphunzitsi kapena wamkulu wodalirika.

Kwa makolo ndi a komiti

Makolo, ana akabwera ndi kope kudzakufunsani, auzeni zoona ngakhale zosakoma. Mukawayankha zongowasangalatsa, mwawaphunzitsa kumanga pamchenga.

A komiti, thumba la simenti likasakanizidwa silibwerera m'thumba. Musanamange malo opangira wudhu, zimbudzi, kalasi kapena malo ogona atsikana, patulani sabata imodzi yocheza ndi amene adzagwiritse ntchito. Funsani agogo a mawondo opweteka mmene amakhalira posambitsa mapazi. Funsani amayi za mbali yawo, ndipo owafunsa akhale amayi anzawo. Funsani woyenda pa njinga ya olumala mmene adalowera Lachisanu lapitali. Funsani amene amasesa za kumene madzi amadikha, ndi ana za mpopi umene saufikira. Macheza khumi sadya ndalama, koma kugumula khoma lomangidwa polakwika kumadya chopereka cha anthu kawiri.

Ntchito yoti muchite

Khalani m'magulu a anthu anayi. Sankhani chinthu chimodzi: mjigo, laibulale, kalipiridwe ka fizi, kapena mbaula ya kunyumba. Lembani cholinga chanu m'chiganizo chimodzi ndi mafunso osapitirira asanu ndi atatu. Yeserani kaye pa mnzanu, mukonze mafunso amene akumusokoneza. Chezani ndi anthu asanu ndi mmodzi osiyanasiyana, mmodzi mwa iwo akhale amene adasiya kugwiritsa ntchito chinthucho. Bweretsani kwa mphunzitsi wanu zosowa zitatu zolembedwa monga tawonetsera, chilichonse ndi mawu enieni a munthu ochichitira umboni. Mukatha, bwererani kwa amene mudacheza nawo mukawauze zimene mwapeza, muwafunse ngati mudawamva bwino.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani kusiyana kwa kafukufuku wowerenga ndi kafukufuku womvetsa, ndipo perekani chitsanzo cha funso limene aliyense amayankha.

2. Tchulani zifukwa ziwiri zimene PlayPump idavutira m'midzi, ndi chinthu chimodzi chimene okonza Afridev adachita mosiyana.

3. Konzani mafunso awa kuti akhale abwino: "Chakudya cha pasukulu pano n'chokoma, eti?" ndi "Titatsegula laibulale Loweruka mungamabwere?"

4. M'macheza achitsanzo aja, ndi pati pamene nkhani yeniyeni idayamba kutuluka, ndipo wofunsa adachita chiyani kuti ituluke?

5. N'chifukwa chiyani kuchotsa dzina lokha sikukwanira kusunga chinsinsi cha munthu wa pamudzi?